Njinga ya aNg'uni ndi Kalata Yanga

Uthenga wa maliro a aNg'uni unandipeza ndikuwiritsa majekeseni kuseri kwa kiliniki. Anaubweretsa ndi mayi wina amene anabwera ndi mwana kusikelo, ndipo anaunena mongodutsa, uku akumasula mwana kumbuyo: amdala a njinga aja anatisiya dzana, anawaika dzulo. Ndinafunsa chifukwa chake sanatume munthu kudzandiuza. Mayiyo anayang'ana pansi nati mwina anaiwala. Sanaiwale ayi. Kuno ku Chikwa palibe amene sadziwa kuti njinga inachoka m'manja mwa aNg'uni chifukwa cha kalata imene ndinalemba ine.

Ndinafika kuno kuchokera ku Katete kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndili namwino wongomaliza kumene maphunziro, wodziwa zonse monga amakhalira anthu otero. Ndinapeza kiliniki ya zipinda zitatu, firiji ya palafini imene inkazima ikafuna, ndi bambo wamfupi, woonda, miyendo ya buluku atamanga ndi malegeni, atagwada pakhonde akupukuta masipoko a njinga limodzilimodzi. Sanadzuke kudzandilonjera. Anamaliza kaye gudumu lonse, kenaka n'kunena kuti ndafika bwino, koma nsapato ndavalazo sizitha mwezi.

Papepala aNg'uni anali wantchito wamba: kusesa, kutchetcha udzu, kutunga madzi. Zimenezo ankangozichita kuti asanenedwe, ndipo iwo ndi tsache sankagwirizana. Ntchito yawo yeniyeni inali bokosi. Kawiri pamwezi ankanyamula bokosi la katemera, lokhala ndi ayisi m'kati, kupita nalo ku Kamsuku, timidzi timene tili m'tsinde mwa mapiri a kum'mawa. Kumeneko kunali bambo wina wopuma pantchito ya chipatala amene ankabaya ana. Katemera akatenthedwa amafa, ngakhale botolo lizioneka bwinobwino. Choncho nkhani yonse inali yoti bokosi lifike ayisi asanasungunuke.

Njira zopita ku Kamsuku zinali ziwiri. Ya kumunsi inali yaifupi ndi yowongoka, yodutsa m'chigwa pakati pa mitengo ya tsanya, imene kuno amati mupani. M'chilimwe mitengoyo imakhala ilibe tsamba ndi limodzi lomwe, mchenga umameza tayala, ndipo njovu zimaima pamsewu nthawi imene zafuna. M'dzinja dothi lakuda limamatirira kugudumu mpaka njinga imasanduka katundu wosenza. Ya kumtunda inkakhotera kumapiri, kukwera ndi kutsika m'zitunda, pansi pa nsungwi ndi misuku, ndipo kutalika kwake kunali pafupifupi kawiri. Galimoto sinadutsemo chiyambire. Anthu ankangoitchula kuti njira ya aNg'uni, chifukwa mbali zina anailambula okha ndi kakhasu kamene kankakhala komangidwa pa felemu ya njinga.

Mkangano wathu woyamba unali wa njira zimenezi. Ndinali nditakhala mwezi umodzi, ndipo ndinaona kuti ndapeza pokonza.

"Adada, bwanji osadzera kumunsi? Mukutaya theka la tsiku."

Anandiyankha m'Chinyanja chawo cha kumigodi, kumene anakagwirako ntchito kale, chimene chinkasanduka Chisenga akapsa mtima.

"Sista, imwe mwabwela liti kuno?"

"Mwezi watha."

"Manje munaonapo ayisi pa keliyala masana mu mupani? Pansi apo palibe madzi, palibe mthunzi. Nizafika msanga, enya, na supu mu bokosi. Bana muzabalasa supu?"

Njira ya kumtunda inkawoloka timitsinje tisanu ndi kamodzi tosaphwa. Bokosi ankalikulunga m'chiguduli, ndipo pakamtsinje kalikonse ankaima, kumasula chigudulicho, kuchiviika, kuchifinya pang'ono, n'kumanganso. Mphepo ikamaomba pachiguduli chonyowa, bokosi limakhala lozizira. Njira yonse ija sanaisankhe potsata kufupika. Anaisankha potsata madzi, kuti chiguduli chisaume pakati pa mtsinje uno ndi winawo. Zimenezi sindinazione m'buku lililonse la kusukulu, ndipo zinandiwawa kuphunzitsidwa ndi munthu wosesa.

Anali ndi makhalidwe otopetsa. Pachikweza, pamene munthu aliyense wanzeru amatsika n'kumakankha, iwo ankapalasa ataimirira, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Pamtsetse, pamene aliyense amapumulirapo, iwo ankatsika n'kumayenda pansi atagwira mabuleki, poti mabotolo sakonda kugwedezeka. Ankati munthu wothamangitsa njinga pamtsetse ndiye kuti sanasenzepo katundu wa eni ake. Ankatinso njinga imanena ikayamba kudwala, vuto ndi loti anthu amapalasa akucheza. N'chifukwa chake paulendo sankayankhula, ndipo sankafuna kuyankhulidwa.

Kubwereketsa ndiye ayi. ABanda, amene anali mkulu wa kiliniki nthawi imeneyo, Loweruka lina anafuna njinga kuti akaone anzawo kumene kunaphikidwa mowa. Anakumbutsa aNg'uni kuti njingayo ndi ya Boma, ndipo pamalo pano Boma ndi iwo. ANg'uni sanatsutse. Anatenga sipanala, anachotsa tcheni, nachiika m'thumba la malaya, nati tchenicho anagula okha ku Lundazi, Boma litenge zake. Kunena zoona, pa njinga ija za Boma zinangotsala felemu ndi nambala yolembedwa ndi penti yoyera. Chishalo, belu, mapedulo, keliyala ya matabwa, zonse anatolera okha kwa zaka. Machubu akasowa ankapakira udzu m'matayala n'kumapita choncho.

Chaka cha chilala chija, cha chimanga chachikasu, akazi awo aNyaZimba anasenza thumba pamutu kuchokera kogawira mpaka kwawo, ulendo wa maola atatu, njinga ili chiimire. Ndinawadzudzula aNg'uni pamaso pa anthu kuti imeneyo ndi nkhanza. Anati keliyala ikazolowera chimanga, mawa inyamula mbuzi, mkuja mtolo wa nkhuni, ndipo tsiku la bokosi idzapezeka itathyoka. ANyaZimba anatha sabata osawayankhula. Pambuyo pake anandiuza kuti iwo anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi njinga.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ankaopa, ndipo sankabisa: kulandidwa njingayo. Zaka zimenezo Boma linkachepetsa antchito, ndipo oyamba kupita ankakhala osesa ndi alonda. Galimoto ya ku boma ikangomveka kutali, aNg'uni ankakankhira njinga kuseri kwa chimbudzi n'kutola tsache, kuti akuluakulu asakumbuke kuti pano pali njinga ndi nkhalamba yoikwera. Tinkawaseka. Ine ndi amene ndinkaseka kwambiri.

Tsiku limene anabweza njingayo ndi limene limandibwerera kawirikawiri, choncho ndilinene kaye lichoke. Linali Lolemba m'mawa, mvula itatha, kuli kamphepo. Kalata yowachotsa ntchito inali itafika Lachisanu, ndipo inkati katundu yense wa Boma abwezedwe. Anabwera akuikankha kuchokera kwawo, osakwera. Anali ataitsuka mpaka kunsi kwa madigadi. Anaiimika pakhonde, natulutsa sipanala, nayamba kuchotsa zawo: belu, chishalo, kakhasu. Atafika pakeliyala anaima pang'ono, naisiya.

"Iyi ikhale. Bokosi ikhala bwino apa."

Ine ndinali chilili pakhomo ndi makiyi a sitolo.

"Matayala muzichosako mphepo ikangokhala chabe, dzuba iphulitsa. Tcheni nasiya. Mafuta ni ya makina yosokela, osati ya motoka."

Ndinali nditakonzeka kuti andikalipire m'Chisenga, monga ankachitira ndikasanja ayisi molakwika. Ndinkafuna andikalipire. Munthu amene anakangana nane za njira, za tsache, za nsapato, tsiku limenelo sanakangane nane. Anangoti yewo, Sista, napanira chishalo kukhwapa, nabwerera kwawo wapansi.

Nkhaniyo inayamba miyezi isanu m'mbuyo mwake, mvula itangoyamba. Bambo wobaya ana ku Kamsuku uja anadwala, ndiye kunalibe kuchitira mwina koma kuti ndipite ndine. Ndinabwereka njinga kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu, ndipo tinanyamuka kukungocha, aNg'uni patsogolo ndi bokosi, ine m'mbuyo ndi chikwama cha majekeseni. Zaka zonse zija ndinkangomva za njira imeneyi, kuiona ndi maso kunali koyamba.

Sindinama, ndi njira yokongola, ngakhale ndinaidutsa ndikutukwana chamumtima. Titangosiya minda ya mpunga tinayamba kukwera, ndipo kutentha kwa m'chigwa kunatsalira m'mbuyo. Kunali zii. Chomveka chinali tcheni, mpweya wanga, ndi anyani okuwa patali. Nsungwi zinkakumana pamwamba pathu, masuku akugwa okha n'kumaphwanyika pansi pa matayala. Pena njira inkatulukira pachitunda, n'kuona chigwa chonse chili pansi ndi nkhungu yake, kenaka n'kulowanso m'mitengo. Paliponse panali dzanja lawo: apa anasanja miyala powolokera, apa anakumba kangalande kuti madzi asadye njira, apa anagoneka mitengo itatu pamwamba pa dzenje. Pakamtsinje kalikonse tinkaima, chiguduli n'kulowa m'madzi. Ine ndinkakhala pamwala ndikusisita ntchafu, iwo osakhala pansi.

Ndinaona tinthu tiwiri timene sindinatilabadire. Pamphambano iliyonse ankaima n'kusisita khungwa la mtengo ndi dzanja asanakhote. Ndinkayesa ndi zamwambo wa kwawo, ndipo sindinafune kufunsa. Chachiwiri, tinakumana ndi mayi atasenza dengu la masuku, amene anapatuka nagwada m'mbali mwa njira. ANg'uni anamudutsa ngati chitsa. Mayiyo atapereka moni m'pamene anagwira mabuleki, namutchula dzina, namufunsa za mwana wake wachifuwa.

Titadutsa kamtsinje kachinayi njira inafika pamalo athyathyathya, poyera, dzuwa lili ngwee. Mtengo wa msuku unali utagwa ndi mphepo n'kupingasa njira yonse. Ine ndinauona ndili kutali, mtunda ngati wochoka pakiliniki kukafika pamjigo. Ndinadikira kuti agwire mabuleki. Sindinaitane, poti paulendo sitiyankhula. Iwo anapitiriza kupalasa mwa mtima uli phee, mpaka gudumu linakalowa m'nthambi.

Anagwera cham'mbali, chipumi n'kung'ambika pang'ono. Malegeni anaduka, bokosi linagwera pansi. Ndinataya njinga yanga n'kuthamanga, ndipo ndinawapeza atagwada, manja akufufuza m'masamba uku ndi uku. Bokosi linali pafupi ndi bondo lawo, lalikulu, loyera, chiguduli chitavundukuka. Ankalifufuza ndi manja. Ndinagwira nkhope yawo n'kuitembenuzira kudzuwa. Maso onse awiri anali ndi ng'ala, mkati muli mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Ndinali nditagwira nawo ntchito zaka zingapo, namwino wathunthu, osawayang'anapo m'maso.

"Adada, zinayamba liti?"

"Mtengo uyu sunalipo ulendo watha."

"Sindikufunsa za mtengo."

Anayamba kumanga mfundo pamalegeni oduka aja.

"Chaka cha chilala ndiye inayamba. Koma njila niidziba, Sista. Ili mu mendo. Pa mphambano ninatema vizindikilo pa mitengo, nigwila chabe. Muthunzi na kuwala niona. Vinthu vamene vinalipo kudala vonse nividziba. Uyu mtengo ndiye wabwela manje."

Tinatsegula bokosi. Mabotolo onse anali amphumphu, ayisi ali gwa. Anagwira limodzilimodzi kuwerenga ndi zala, kenaka anatseka, nandigwira pamkono. Anali asanandigwirepo chiyambire.

"Musakalembe. Mukalemba bazatenga njinga."

"Tiona, adada."

Anandisiya mkono. Anali atagwira ntchito ndi anthu a Boma zaka zambiri, ndipo ankadziwa tanthauzo la tiona. Anakana kuti ndiwamange bala tisanakokere nthambi zija kumbali, poti wina adzadutsa pano ndi wodwala.

Ku Kamsuku tinafika dzuwa lili pamutu. Amayi anali atadzaza pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinabaya ana mpaka dzanja linachita dzanzi. ANg'uni anakhala pampando umene anthu anawatulutsira osafunsa, akumva mawu a mayi aliyense n'kumutchula dzina. Amene anajomba ulendo watha ankawakalipira pomwepo. Gogo wina anandiuza kuti aNg'uni asanayambe kubwera ndi bokosi, chikuku chikalowa m'midzi imeneyo anthu ankaleka kulima, n'kumangokumba manda aang'onoang'ono. Ananena akutong'ola chimanga, osakweza mawu.

Pobwerera m'mawa mwake ndinatsogola ndine. Ndikaona mwala kapena nthambi ndinkaliza belu, iwo n'kuchepetsa liwiro. Sanatsutse, ndipo tinafika popanda vuto. Apa ndi pamene pamandipweteka, chifukwa njira yothetsera nkhaniyo ndinali nditaipeza kale. Pankangofunika munthu wotsogola ndi belu kawiri pamwezi. Koma miyendo inandiwawa sabata yathunthu, pakiliniki namwino ndinali ndekha, ndipo mzere wa odwala sunkatha. Ndinalibe mphamvu zokwera mapiri amenewo kawiri pamwezi, kapena zokafunafuna wina woti akwere.

Ndinakhala nayo nkhaniyo masabata atatu. Tsiku la bokosi likafika ndinkangoyang'ana kumapiri, ndikuganiza za phompho la pakamtsinje kachisanu. Akagwera m'menemo ndidzayankha chiyani, ine amene ndikudziwa? Ndinamvanso kuti madokotala a maso amabwera ku boma nthawi zina, ndipo amafuna kalata yochokera kukiliniki. Choncho ndinalemba. Ndinalemba mwaulemu, m'Chingerezi changa chabwino, kupempha kuti aNg'uni akaonedwe maso, kuti pakadali pano apatsidwe ntchito yopepuka, ndiponso kuti atiganizire njinga yamoto. Iwo sindinawauze.

Amene anaiwerenga kalatayo sindiwaimba mlandu. Inafika patebulo pamene panali kale mndandanda wa ochotsedwa, ndipo munali mawu oti munthuyu saona. Nyengo imene tinalimo ndinkaidziwa. Ndinali nditawaona aNg'uni kambirimbiri akubisa njinga kuseri kwa chimbudzi. Ndinkadziuza kuti ndikuwathandiza, ndipo mbali ina zinali zoona, koma mbali yaikulu ndinangotopa ndi mantha, ndiye ndinawatula pa munthu wina.

Chodabwitsa n'chakuti kalata yomweyo inagwiranso ntchito yake ina. Nthawi yozizira ya chaka chomwecho madokotala a maso anabweradi, ndipo dzina la aNg'uni linali pamndandanda. Anawachita opaleshoni diso limodzi. Patapita masiku anabwera kukiliniki kuti ndiwadonthezere mankhwala. Anandiyang'anitsitsa ndi diso latsopanolo kwa nthawi.

"Sista, kansi muli na imvi."

Ndinaseka, ndikuganiza kuti mwina zatha. Kenaka anatembenukira kuwindo la sitolo. Njinga inali m'menemo, itatsamira makatoni, matayala ali phwa, akangaude atamanga m'masipoko.

"Manje niona bwino. Niona na njinga."

Ine ndinayamba kuwerenga malangizo a pabotolo la mankhwala, ngati kuti sindinkawadziwa.

Njinga yamoto inabwera, pamodzi ndi aMwale a zaukhondo, munthu wabwino amene sindingamunenere choipa. M'chilimwe tinkadzera kumunsi, ine nditakhala kumbuyo ndi bokosi pamiyendo, ndipo m'maola awiri tinkakhala tafika. Anthu anati chitukuko. Koma petulo ankabwera mwezi uno, mwezi winawo ayi. Mvula ikayamba dothi lakuda linkagwira njinga yamoto monga linkagwirira ina iliyonse, ndipo kumtunda sinkatha kuwoloka pamiyala ndi timilatho ta mitengo. Miyezi ya dzinja Kamsuku inkakhala yopanda bokosi. Chaka china chikuku chinalowa. Amayi anatsika ndi ana kumbuyo, wapansi, kudzera njira ya aNg'uni, ndipo si onse amene anabwerera ndi mwana kumbuyo. Nkhope zawo ndimazidziwa, ena amabwerabe kusikelo ndi ana obadwa pambuyo pake.

ANg'uni sanabwerenso kukiliniki. Ndinkangomva kuti amawaona ndi kakhasu kunjira kuja, wapansi, akukonza powolokera. Poyamba ankafika pakamtsinje kachitatu, kenaka kachiwiri, kenaka miyendo inayamba kutupa. Tikakumana kutchalitchi tinkapatsana moni wathunthu, kufunsana za m'nyumba ndi za kumunda, basi. Njinga ija inatha pang'onopang'ono m'sitolo. Gudumu lina linapita kuwilibala, lina linabwerekedwa osabwerera. Felemu ilipobe, chifukwa chinthu cha nambala ya Boma palibe amene angalimbe mtima kuchitaya.

Loweruka lotsatira uthenga uja ndinapita kukapepesa maliro. Ndinatenga shuga ndi sopo, ndipo ndinayenda wapansi. Anthu anali atabalalika kale. Ndinapeza aNyaZimba atakhala pamphasa pakhonde, mutu atameta, akupeta mpunga. Anandilandira bwino, zimene zinandilemera kuposa akanandithamangitsa. Anandifotokozera za matenda, za miyendo, za tsiku lomaliza, mwadongosolo, monga munthu amene wafotokoza kale kambiri. Ndinapepesa kuti sindinamve msanga. Anati palibe kanthu, ntchito ya chipatala ndi yambiri.

Nditatsanzika anadzuka kuti andiperekeze, koma m'malo molowera kunjira anandizungulitsa kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali kanyumba kena kakang'ono, kotalika ngati munthu atagona, kopapatiza. Ndinkayesa khola la mbuzi, koma kanali kaukhondo kwambiri.

"Nyumba yathu idontha, mwaiona mweka," anatero aNyaZimba. "Koma aka kanafoleledwa chaka chino. Chaka chilichonse mvula ikalibe kubwela, udzu wa manje. Chaka chino mendo yotupa, banakwela ndithu. Nenze kubafunsa, imwe adada, mufolelela ndani? Benze kukamba ati Sista azalemba kalata inangu. Ati wamene analemba yoyamba adziba kolembela."

Ndinafunsa chifukwa chake aNg'uni sanabwere kudzandiuza.

"Ati mukamukumbutsa azamvela manyazi. Musiyeni, azakumbuka yeka."

Zinali zitatha zaka zinayi chibwezereni njinga ija. Diso lawo linali litachira, njinga inali m'sitolo, makiyi ali m'thumba mwanga. Kalata yachiwiri sindinailembe. Sikuti ndinayesa n'kukanizidwa, kapena ndinaopa. Maganizo amenewo sanandifikire n'komwe, ngakhale tsiku limodzi. Ndinali nditaitseka nkhaniyo kuti ndizitha kugwira ntchito, pamene iwo ankamweta udzu.

ANyaZimba anamasula waya wa pachitseko cha bango, nabwerera kumpunga wawo. Ndinawerama n'kusuzumira. Pansi panali pozira bwino ndi dothi lofiira. Kuchokera pakhomo kukafika kukhoma kunali kamzere kolowa pansi, kamene matayala a njinga anakumba polowa ndi potuluka zaka zonse zija, ndipo pozira anakalambalala kuti kasafafanizike. Kumapeto kwake kunali njerwa ziwiri zoimikidwa moyandikana, mpata wake wokwana gudumu lakutsogolo. Munalibe chitosi cha nkhuku, munalibe khasu kapena dengu losungidwamo. Kunja kunayamba kuwaza mvula, ndipo ndinamva aNyaZimba akukoka mphasa ndi kuika beseni pamene nyumba yawo imadonthera. M'kanyumbamo simunagwe dontho.